Chocobo wa reggae watheka, wa kwela watsala pang'ono, wa rumba nde akundizunguza mutu

Anzanga okonda nyimbo za m'magemu, ntchito ija ndinayamba yotenga kanyimbo kamodzi ka mu Final Fantasy nkumakayimba m'zamba zosiyanasiyana ikuyenda ndithu, kungoti pang'onopang'ono chifukwa ndimaigwira usiku ndikaweruka, komanso magetsi akathima laputopu yanga batire yake siichedwa kugona. Pomwe zafika ndi apa: reggae ndamaliza ndipo sindikufunanso kuikhudza, kwela yatsala chitoliro basi, rumba tidakakokanakokana, ndipo ya 5/4 ija, yoyenda ma beat asanu pa bar, ndaisiya kaye pambali mpaka mutu uzizire.

Kwa amene mwangotipeza, kanyimbo kake ndi ka Chocobo. Chocobo ndi chimbalame chachikasu chamiyendo italiitali chomwe umakwera mu gemu ukafuna kuyenda msanga osakumana ndi adani, ndipo ukangochikwera nyimbo imasintha nkubwera kanyimbo kena kachibwana kodumphadumpha. Anapeka ndi Nobuo Uematsu, ndipo kanamveka koyamba mu Final Fantasy II ya 1988 pa makina osewerera magemu otchedwa Famicom. Ka nthawi imeneyo ndi kafupi kwabasi, kamangozungulira pompo mpaka utsike pa mbalamepo.

Ena anandifunsa kuti bwanji osatenga ya Mario yomwe aliyense amaidziwa, olo ya Guile ya mu Street Fighter II yomwe ambirife tinakula tikuimva m'ma game shop. Chifukwa chake nchoti a Square, kampani yomwe inapanga Final Fantasy, masewera osinthasintha zambawa anayamba okha ndi Chocobo yemweyu. Gemu ina iliyonse yatsopano ikatuluka amakaphika mwina. Mu Final Fantasy IV ya 1991 muli Samba de Chocobo, mu V ya 1992 muli Mambo de Chocobo, mu VI ya 1994 anaika Techno, nde pofika pa VII ya 1997 pa PlayStation anachita kupenga nazo, muli ya gitala ya surf rock yotchedwa Electric de Chocobo, muli Waltz, muli Fiddle, muli Cinco yomwe imayenda ma beat asanu. Kutsogoloku kunabwera ya ukulele mu IX ndi ya malipenga mu X. Nde ine ndinangoti ngati mbalameyi yavina samba ndi mambo, chingailetse nchiyani kuvina zomwe timavina kuno.

Chomwe ndaona pogwira ntchitoyi, ndipo ndikuona ngati ndi pomwe pagona nkhani yonse, nchoti chamba sichikhala mu zida zomwe wasankha pa kompyuta. Ukatsitsa MIDI (fayilo ya manotsi a nyimbo) pa intaneti, nkuiponya mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, nkusintha piyano kukhala organ, pansi nkuikapo drum loop ya reggae, chomwe chimatuluka ndi nyimbo yomweyo yovala jekete yobwereka, manja ake osafika. Ma remix ambiri omwe ndimamva pa YouTube ndi otere, ndipo masekondi khumi oyamba umasangalala kenako umatopa. Chamba chimakhala mu besi, ndi malo omwe nyimbo ikupumira. Ukapanda kulembanso besi kuchokera pa ziro palibe chomwe wasintha.

Ndipo nyimbo za nthawi ya Famicom zimalola zimenezi kuposa za magemu a masiku ano, chifukwa cha umphawi wa makinawo. Famicom inatuluka mu 1983, ndipo chip yake ya mawu inali ndi ma channel asanu okha: awiri a pulse omwe amalira mwa tswii tswii aja, imodzi ya triangle yomwe kawirikawiri inkagwira besi, imodzi ya noise yongopanga kaphokoso ka tsss ndi ka tchk m'malo mwa ng'oma, ndi ina yoseweretsa tizidutswa ta mawu ojambula. Kunena kwina manotsi atatu okha pa nthawi imodzi. Munthu wopeka analibe pobisala, sakanakwirira nyimbo yofooka ndi ma violin makumi awiri, nde melody imayenera ikhale yoti iime payokha. Nchifukwa chake ukaichotsa mmenemo nkuipititsa kwina imapulumuka. Komanso pakati pake pamakhala mpata waukulu woti iwe udzazemo zako.

Reggae nde inabwera mosavuta mpaka ndinadabwa. Ine ndimaiyimbira mu G, ndipo chinsinsi cha kanyimbo aka ndi noti imodzi, F wamba, osati F sharp yemwe G major amafuna. Ka F kameneka ndi komwe kamapangitsa kuti nyimboyo izimveka yamwano pang'ono, ngati ikukuseka. Nde ma chord ake gawo loyamba amangosinthana G ndi F, G ndi F, ndipo aliyense amene anagwirako kiyibodi mu bandi ya reggae akudziwa kuti ma chord awiri otsatana chonchi ndi kwawo kwa reggae. Ndinaika tempo pa 74, ng'oma mu kagundidwe ka reggae kotchedwa one drop, kick ndi rim zikugwera limodzi pa beat yachitatu, kiyibodi ikudula pa 2 ndi pa 4. Mpaka apa palibe chachilendo.

Pomwe panali ntchito ndi pa melody. Choyambiriracho chimathamanga, manotsi ali thithithi osapuma, nde ukachitsitsa pa 74 mmene chililimo chimakwawa, chimamveka ngati tepi yotafunidwa. Ndinachita kuchotsamo manotsi ena obwereza, ena nkuwachedwetsa dala kuti azigwa kumbuyo kwa beat, kenako melody yonse ndinaipereka ku melodica, kakiyibodi kouzira ndi pakamwa, potengera mmene ankachitira Augustus Pablo wa ku Jamaica. Melodica yeniyeni ndilibe, ndagwiritsa ya mu pulogalamu, koma ndinaiyimba ndi zala pa Yamaha PSR yanga yakaleyi osati kujambula manotsi ndi mouse, ndipo sindinaiwongole ndi quantize, chida chomwe chimakokera manotsi pa beat ndendende. Timaphophonya ta zala timeneto nditomwe tikuipatsa moyo.

Besi ndi yomwe ndikunyadira. Pa beat yoyamba siilira, imasiya dzenje, kenako imalowa ndi manotsi atatu otsika nkukakhala pa G wapansi nthawi yaitali. Pa bar ya F imayankha zomwe melody yangonena kumene koma mozondoka, melody ikakwera iyo imatsika. Nditamvera pa mahedifoni ndinagwedeza mutu ndekha. Nditaitumiza pa foni nkumvera pa sipika ya foniyo besi yonse inasowa, zii, kunangotsala melodica ndi kiyibodi zikuyandama. Ndinaithira ka saturation pang'ono, kokhakhalitsa mawu, kuti ikhale ndi mawu apamwamba omwe tisipika tating'ono timatha kutulutsa, pano ikumveka olo pa foni ya mabatani. Amene mumapanga ma beat musamaiwale kuti anthu athu ambiri azimvera pa foni kapena pa ka bluetooth ka mu minibasi, osati mu sitediyo.

Kwela nde yandiphunzitsa zambiri, komanso ndi yomwe ndikuikonda ngakhale sinathe. Kwela inachokera ku South Africa zaka za m'ma 1950, anyamata a m'misewu ndi ma pennywhistle awo, ndipo kuno kwathu amene anaigwira mwamphamvu ndi a Daniel ndi a Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka, omwe katswiri wa za nyimbo wa ku Austria Gerhard Kubik anayamba kuwajambula mu 1967. Zoseketsa nzoti Chileka yemweyo ndi komwenso kuli likulu la reggae ya kuno, nde zamba ziwiri zoyamba za ntchitoyi zonse zadutsira dera limodzi osakonzekera. Ndakhala ndikumvera zojambula zawo zakale mobwerezabwereza kuti ndigwire mmene gitala imakhwatchira ndi mmene besi ya chingwe chimodzi ija imayendera, sikuti imaponda noti yeniyeni ndendende, imachita kutsetsereka kupita pa notiyo.

Vuto linabwera pa ma chord. Kwela imazungulira pa ma chord ochepa omwewo, mwachitsanzo G, C, G, D, kubwerera, osatopa. Koma D ali ndi F sharp mkati mwake, pomwe Chocobo akufuna F wamba. Ziwirizi zikakumana pa beat imodzi zimalumana zoopsa. Ndinayesa kugonjera kwela, ndinakweza F wa melody kukhala F sharp kuti zonse zikhale zoyera. Zinamveka bwino ndithu, zosalala, koma mwana wa achemwali anga amene amabwera kudzasewera magemu pa laputopu yomweyi atamva anangoti malume iyi nde ya ku Sunday school. Ndipo amanena zoona mwanayo, mwano wonse unali utachoka, mbalame ija inasanduka nkhunda. Ndinabweza F wamba, nkuchotsa D mu mzungulirowo, pano ikuyenda G, C, G, F. Wina wodziwa kwela bwino akhoza kunena kuti imeneyo si kwela yeniyeni, ndipo sindingakane kwambiri, koma swing ilipo, kukhwatcha kwa gitala kulipo, besi ikutsetsereka, ndipo phazi likugunda lokha pansi.

Swing imeneyi ndiyofunika ndiitchule. Manotsi a choyambirira ndi ofanana kutalika, ta ta ta ta. Mu kwela amayenera atsimphine, loyamba lalitali lachiwiri lalifupi, taa ta taa ta. Kungosintha chimenechi chokha, osakhudza china chilichonse, kanyimbo kamachoka ku Tokyo nkufika pa sitolo ya pa mphambano. Ndinaika swing ya mu pulogalamu poyamba, koma ikakhala yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza imamveka ya makina, nde ma shaker ndawajambula ndekha, mpunga mu kabotolo ka mankhwala a chifuwa.

Chitoliro ndi chomwe chatsala. Ma tin whistle ambiri omwe amapezeka ndi a D, ndipo wa D mabowo ake amatulutsa F sharp, kuti upeze F wamba umachita kutseka bowo theka, zomwe pa liwiro la kwela zala zanga sizingakwanitse. Wofunika ndi wa C, chifukwa manotsi a nyimboyi mu G ndi omwewo a C major, kungoti kwawo ndi pa G. Pakadali pano ndikugwiritsa recorder ya pulasitiki ya ana asukulu, yomwenso ndi ya C. Ndimajambulira mu wadiropu, chitseko chotseka theka, bulangete kumutu, maikolofoni nditaikoleka pa hang'ala pakati pa malaya, thukuta kamukamu. Mawu ake ndi aulemu kwambiri recorder, alibe kukalipa kuja kwa kwela. Oyimba kwela ankalowetsa chitoliro mkamwa mozama komanso mopendeketsa kuti chilire mokweza ndi kuti azitha kupinda manotsi, ndayesa pa recorder zikungotuluka mluzu wa ketulo.

Tsopano rumba. Apa nde pali nkhondo, osati ya manotsi kwenikweni koma ya maganizo. Mbali ya ma chord inatheka mosayembekezera: sebene, gawo lothamanga la rumba lovinira, imakonda kuzungulira C, F, G, F, ndipo poti manotsi a Chocobo ndi a C major kale, ndinangosamutsa kwawo kwa nyimbo kuchoka pa G kupita pa C, F uja amene amavuta mu kwela kuno ndi mwana wa pakhomo. Ng'oma ndaika cavacha pa snare, kagundidwe kaja kotchuka ndi Zaiko Langa Langa ya ku Kinshasa zaka za m'ma 1970 komwe amati kanatengera kulira kwa sitima pa njanji. Gitala ya MIDI mu rumba musayese nkomwe, imamveka yakufa, nde ndinaitana mnzanga amene amaimba gitala ya lidi ku tchalitchi kwathu.

Anamvera kawiri, gitala ili pa mwendo, nkundiuza kuti aise nyimbo yakoyi ili ndi nkhani zambiri, munthu sangavine uku akumvetsera nkhani. Anatenga manotsi oyambirira okha, aja otsika kenako nkukwera, nkuwapanga ka riff, kachidutswa kakafupi kozungulira pamwamba pa khosi la gitala, zala ziwiri zikuthothola zingwe ziwiriziwiri, nkumakabwereza, ulendo uliwonse akusinthako kanoti kamodzi. Abale inu zinakoma. Ndinaimirira pa mpando. Koma titamvera zomwe tajambula ndinazindikira kuti pakadutsa mphindi imodzi Chocobo mulibemo, yatsala sebene yabwino yomwe ikanatha kuchokera mu nyimbo ina iliyonse. Iye akuti ndi mmene rumba imakhalira, gawo loyamba lodekha ndi lomwe limanyamula nyimbo, sebene ndi ya miyendo. Ine ndikuti ngati munthu wosewera Final Fantasy alowa pakati pa nyimbo osaizindikira ndiye kuti ndapanga nyimbo ina, si arrangement, yomwe ndi nyimbo yomweyo yoyimbidwa mwanjira ina. Sitinagwirizane mpaka pano.

Mkangano umenewu si wathu tokha, ukamvera zimbale za ku Japan komweko umaupeza. Chimbale cha Celtic Moon cha 1991, chomwe anatenga nyimbo za Final Fantasy IV nkukazipereka kwa Máire Breatnach wa ku Ireland, chimasunga melody bwinobwino, umangomva kuti yasamukira ku fiddle ndi zitoliro za kumeneko. The Black Mages, bandi yomwe Uematsu mwini wake ankaliza kiyibodi, chimbale chawo choyamba cha 2003, nawonso sapita patali, ndipo sakufunikanso kutero chifukwa nyimbo za nkhondo za Final Fantasy zinali rock kale, zimangosowa gitala yeniyeni ndi ng'oma zenizeni. Koma The Brink of Time ya 1995, yomwe inatenga nyimbo za Yasunori Mitsuda za mu Chrono Trigger nkuzipanga acid jazz, imeneyo nde imasochera dala, pena umadikira nthawi ndithu kuti umve kachidutswa komwe ukukadziwa. Kale sindinkaikonda. Pano ndikaimvera ndimamva kuti anthu aja ankalimbana ndi funso lomweli, ndipo anasankha mbali ya mnzanga wa gitala.

Kulinso nkhani ya Bad Apple!!, yomwe poyamba inali nyimbo yopanda mawu ya ZUN, wopanga magemu a Touhou, mu gemu yake ya 1998, kenako a Alstroemeria Records anaipanga ya dansi yokhala ndi woyimba mu 2007, ndipo lero anthu ambiri amene amaidziwa sanamvepo yoyambayo. Touhou ili ndi ma arrangement osawerengeka, metal, jazz, eurobeat, chilichonse, chifukwa ZUN amalola okonda magemu ake kupanga zawo nkumagulitsa m'misika ngati Comiket ku Tokyo. Makampani akuluakulu sali choncho, nchifukwa chake zangazi ndikungogawana ndi anzanga, sindikugulitsa olo kuziika pomwe pamalowa ndalama. Ndipo kwa amene amati izi ndi zachibwana, mu 2022 The 8-Bit Big Band ya ku America inapata Grammy ya arrangement ndi nyimbo ya mu Kirby Super Star, gemu ya 1996, ataipanga big band jazz. Ndinawauza akazi anga zimenezi, anangoti chabwino koma mbale zili mu sinki.

Zomwe ndaganiza pa rumba ndi izi, ngakhale mnzangayo sanavomere kwenikweni: gawo lodekha liyimbe melody yonse mwaulemu, gitala ziwiri zikuyankhana, kenako sebene ilowe ndi riff yake ija, koma pakatha ma bar 16 aliwonse malipenga azibwera ndi mzere wachiwiri wa nyimbo, uja wokwera nkukaima pa F wapamwamba, kuti womvera akumbuke kuti akadali pa msana pa mbalame. Ndayesa ndi malipenga a mu kiyibodi, akumveka ngati a pa ukwati wa mu holo ya sukulu, koma maganizowo akugwira. Besi ya sebene sindinaipezebe, yomwe ndalemba ikuyenda kwambiri mpaka ikupondana ndi lidi, ikufunika ichepetse mawu.

Ya 5/4 ndingonena mwachidule. Cinco de Chocobo imawerengedwa 3 kuphatikiza 2, ndipo ndimafuna ndione ngati ng'oma zathu zingakhalemo, koma manja anga akangoyamba kugunda amabwerera okha ku 6 olo 12, beat yachisanu ikafika thupi limafuna yachisanu ndi chimodzi. Ndaisiya. Mwina m'malo mwake ndidzapanga ya 12/8 yeniyeni ya ng'oma zitatu ndi kuwomba m'manja, yomwe ndikudziwa kuti ikhala mwachibadwa, triangle ya Famicom ndidzaisiya mmene ilili pansi pake kuti pakhale kanthu kamodzi kochokera ku 1988.

Loweruka likubwerali mnzanga wa gitala abweranso tidzajambule gawo lodekha, ndipo wati abwera ndi wa besi wa bandi yawo kuti atithetsere mlandu wa sebene. Reggae ndaika kale mu gulu lathu la WhatsApp, mverani pa sipika iliyonse yomwe muli nayo mundiuze ngati besi ikumveka, makamaka pa bar ya F. Ndipo ngati alipo ali ndi tin whistle ya C, osati ya D chonde, ku Blantyre kuno olo wobwera kuchokera ku Joni mwezi uno, andiuze mtengo tikambirane.